Mawu akuya a Chichewa: mmene mungawalowetsere mkamwa osadzichititsa manyazi

Funso ili ndatopa nalo abale anga, nde ndati ndilembe kamodzi basi, wina akadzafunsanso ndizingomulozera. Ine ndimagwira ganyu ya uemusi, yotsogolera mwambo pa maikolofoni, m'maukwati ndi m'zinkhoswe kuno ku Mangochi, Loweruka ngati sindili pa boma ndekuti ndili ku Namwera, ku Malindi kapena ku Monkey Bay, ndipo mwambo ukangotha sipalephera kupezeka mnyamata kapena mtsikana wondilondola mpaka pokwerera kabaza kuti achimwene, Chichewa chimenechi mumachitenga kuti, nafenso tikufuna tizilankhula choncho. Ena amachita kutumiza meseji usiku kuti nditumizireni mawu ovuta 50 ndiloweze. Ndimakana. Sikuti ndikumana ayi, koma mawu oloweza pamndandanda ndi amene amakagwetsa munthu pagulu, ine ndinagwapo ndipo ndifotokoza pansipa mmene ndinagwera.

Tigwirizane kaye kuti tikunena chani. Ndikati mawu akuya sindikunena mawu ovuta, ndikunena mawu amene eni ake alipo ndithu koma pa tauni samvekanso kawirikawiri. Muli mawu wamba monga nkhomaliro kapena chisisira. Muli zining'a, awa ndi mawu amene tanthauzo lake silili pamwamba, ukati wanditsina khutu palibe amene wagwira khutu la mnzake, wangondiuza zachinsinsi. Muli mvekero, timawu tojambula chinthu monga zii, psuu, kakasi. Kenako miyambi, imene aliyense amathamangira koma ndiyo yofunika kubwera kumapeto.

1. Yambani ndi mawu amene muli nawo ntchito lero lomwe

Dzimvetsereni tsiku limodzi lathunthu, kuyambira podzuka mpaka pogona, muone malo amene Chizungu chimakutulukani chokha. Ambiri mupeza lanchi, sapa, ankolo, anti, kazeni. Amenewo ndi mabowo oyamba kutseka chifukwa muwafuna tsiku lililonse: kadzutsa kapena mfisulo m'mawa, nkhomaliro masana, mgonero usiku. Ankolo a kuchikazi ndi amalume kapena atsibweni, mlongo wa bambo anu ndi azakhali, ana awo ndi asuweni anu. Masiku nawonso, dzana, dzulo, lero, mawa, mkucha, mtondo. Nthawi, mbandakucha kusanayere bwino, chisisira dzuwa litangolowa.

Cholakwika chimene ndimachiona apa ndi chofuna kusesa liwu lililonse lobwereka. Aaa musadzivute. Nsapato, kalata ndi mbatata zinachokera ku Chipwitikizi koma agogo anu amazitchula opanda kupepesa. Foni ndi foni, mukafuna kuti lamya nenani, koma musamukonze mayi wogulitsa mayunitsi pa depoti. Inu mukuwonjezera ndiwo mumphika, simukutaya zimene zilimo kale.

2. Katoleni mkamwa mwa anthu, buku libwere pambuyo

Kuno tili ndi mwayi umene a ku Lilongwe alibe, nyanja. Pitani pa gombe m'mawa asodzi akutsitsa, kaya ku Malombe kaya kumtunda uku, khalani chete muzingomva. Mumva kuti mwera wavuta, imeneyo ndi mphepo yochokera kummwera imene imalimba miyezi yozizira cha mu June mpaka August, mumva mpoto, mumva vuma. Mumva chilimira, khoka, matchera, mono, nkhafi, thandala loyanikapo usipa, mumva kuti apita ku kauni kutanthauza usodzi wa usiku wa nyali. Mumva kasawala, amene ndi ana a chambo. Mwana wobadwira pa boma pompano amadya nsomba tsiku lililonse koma mawu amenewa theka sawadziwa.

Malo ena ndi pa chigayo pamene amayi akudikira mzere, pa bwalo la mfumu mlandu ukuzengedwa, pa bawo, ndi pa maliro usiku akuluakulu akamacheza pamoto. Wailesi nayonso, makamaka mapologalamu oimba foni a pa Radio Maria kapena pa Dzimwe, anthu akumudzi akamalankhula okha osati owerenga nkhani.

Mabuku alipo, sindikuwanyoza. Mtanthauziramawu wa Chinyanja umene anakonza a Centre for Language Studies ku Zomba ndi wabwino chifukwa umamasulira Chichewa m'Chichewa momwemo. Buku Lopatulika la 1922 lija lili ndi mawu akale ambiri, koma samalani, ena mwa iwo kunja kwa tchalitchi palibe amawanenanso. Ine buku ndimalitsegula pofuna kutsimikiza chimene ndamva kale ndi khutu.

Ndipo mukamalemba mufoni musalembe liwu lokha. Lembani chiganizo chonse mmene munthuyo wanenera, ndi amene wanena, ndi amene amauzidwa. Mwachitsanzo "mvula ija inali ya mawawa chabe, agogo aakazi akuuza mdzukulu, pakhonde". Muona pa nambala 4 chifukwa chake.

3. Katchulidwe ndi mgwirizano

Apa ndidutsa msanga koma osadumpha. Chichewa chimakweza ndi kutsitsa mawu, papepala sizioneka. Mtengo wa mango ndi mtengo wa shuga pa golosale amalembedwa chimodzimodzi koma khutu limasiyanitsa, khungu la pathupi ndi khungu la osaona chimodzimodzi. Liwu limene mwangoliwerenga osalimvapo, funsani wamkulu alitchule, ngati ali kutali akutumizireni voisi pa WhatsApp.

Kenako muone mmene liwulo limakokera anzake m'chiganizo. Chiphadzuwa chija chafika, osati chiphadzuwa uja wafika. Mwera wayamba. Chizimalupsa chagwa. Mfumu yabwera, koma ngati ili pomwepo mumati amfumu abwera kapena mafumu afika. Munthu akanena liwu lakuya n'kuphonya mgwirizano zimamveka ngati wavala suti ndi patapata.

4. Fufuzani kuti liwulo ndi la ndani

Apa nde pagona nkhani, ndipo ndi pamene onse okupatsani mindandanda amadumpha. Buku likuuzani tanthauzo, koma silikuuzani kuti liwuli amanena ndani, kwa ndani, pa malo otani. Liwu lililonse lakuya lili ndi eni ake, lili ndi msinkhu wake, lina ndi la amayi okhaokha, lina la pamaliro basi, lina ukalinena iwe mwana limasanduka mwano ngakhale tanthauzo uli nalo bwinobwino.

Mmene ndinagwera ine ndi momwemu. Nditangoyamba uemusi, pa chinkhoswe china cha kumtunda kwa Namwera, nthawi ya perekaniperekani ndinafuna kuitana atsikana osakwatiwa kuti abwere adzafupe. Ndinali nditawerenga kuti mbeta ndi mkazi wosakwatiwa, nde ndi mtima wonse pa maikolofoni ndinati mbeta zonse ziimirire zibwere kutsogolo kuno. Nyimbo ikulira, DJ akundiyang'ana, mu holo monse palibe anadzuka ngakhale mmodzi. Amuna kumbuyo anayamba kuseka. Mwambo utatha azakhali a mkwati anandikokera pambali nati mwananga, mtsikana wa fomu 3 si mbeta, ndipo mayi amene banja linatha sungamuimiritse pagulu ndi dzina limenelo ngati ukumutsatsa pa msika. Tanthauzo ndinalondola, koma liwulo limanyamula kachitonzo kamene m'buku simunalembedwe. Ndikanangoti asungwana kapena achemwali athu onse, ndalama zikanagwa mu lichero.

Kuyambira tsiku limenelo liwu latsopano sindilitulutsa ndisanalimve mkamwa mwa anthu atatu osiyana, ndipo ndimadzifunsa zinthu izi. Amene ananena ndi wamsinkhu wanga kapena ndi wamkulu? Amauza wamkulu mnzake, mwana, kapena amanena za munthu amene palibe? Panali pa chisangalalo, pa zovuta, kapena pa mkangano? Ngati onse atatu anali agogo akunena za munthu amene sali pomwepo, ndekuti liwulo si loti mumuuze munthu pamaso.

Tengani nkhani za uchembere. Kumudzi akati mayi uje ndi wodwala nthawi zambiri akunena kuti ndi woyembekezera, akati wachira ndekuti wabereka, ndipo funso lotsatira ndi loti mphatso yanji, osati ndi mwana wanji. Akati wapita padera ndekuti mimba yachoka. Mawu amenewa ndi okoma, ndi aulemu, koma ndi bwalo la ntchembere. Mnyamata wa zaka 20 kukamufunsa mlamu wake pagulu kuti kodi alamu mwadwala, ngakhale walankhula Chichewa chenicheni, waponda pamene sayenera kuponda. Dziwani mawuwo kuti muzimva zimene zikunenedwa, osati onse muziwanena.

Pa maliro nde pofunika kusamala kuposa pena paliponse. Munthu sitimati wafa, timati wamwalira, watisiya, watsikira kulichete. Koma ngakhale atatuwa sali mulingo umodzi, watsikira kulichete ndi wolengeza, wa pa chipepeso cha mfumu kapena pa wailesi, sungalowe m'siwa n'kumuuza namfedwa kuti pepani amuna anu atsikira kulichete. Pamenepo ndi pepani ndi zovutazi basi, mwakhala pansi. Siwa ndi nyumba imene mwagona maliro, kwa amene simudziwa. Adzukulu pa maliro si ana a ana anu, ndi anthu okumba manda ndi kugwira ntchito zonse za pamalirowo. Ndipo poti kuno ambiri ndi Asilamu, pa maliro a Chisilamu mumva jeneza ndi sanda, inu musafikepo ndi mawu a bokosi ndi nkhata amene munazolowera kwanu.

Izi zikundifikitsa pa chinthu china chimene anzathu ochokera kumtunda amaiwala. Chichewa chinakhala chilankhulo cha dziko mu 1968, Chichewa Board inabwera mu 1972, ndipo Chichewa cha m'mabuku a sukulu chinatsamira kwambiri ku chigawo chapakati. Kuno ku Mangochi anthu ambiri m'nyumba ndi Chiyao, ena m'mbali mwa nyanja ndi Chinyanja chawo cha makolo. Nde liwu limene ku Dedza kapena ku Kasungu mwana aliyense amalidziwa, ku Makanjira likhoza kukhala lachilendo ngati Chifalansa. Mukati atsibweni munthu akhoza kungokuyang'anani, mukati mjomba wamva kale. Ambuye kwina ndi agogo, kwina ndi amalume, ku tchalitchi ndi Mulungu, nde musanalinene dziwani muli pati. Ndipo munthu amene Chichewa ndi chilankhulo chake chachiwiri mukamamuthira mawu a ku Ntchisi motsatizana samaona nzeru, amaona kuti mukumuonetsa kuti sadziwa. Kuli bwino muphunzire kuika Che patsogolo pa dzina lake ndi kunena sikomo, zimenezo zikutsegulirani makomo ambiri kuposa mwambi.

Njira yachidule yofufuzira zonsezi ilipo. Pezani wamkulu mmodzi amene mumamasuka naye, musamufunse kuti liwuli likutanthauza chani, mufunseni kuti kodi ine ndingawauze apongozi anga liwu limeneli? Akaseka kapena akagwira pakamwa, mwapeza yankho.

5. Liperekezeni

Liwu lachilendo lili ngati mlendo pamudzi, simumusiya ayende yekha tsiku loyamba. Liikeni m'chiganizo choti ngakhale munthu salidziwa amve ndithu. Telala wanga ndinamuuzapo Lachiwiri kuti ndidzatenga malaya mtondo, iye n'kumaganiza za mtondo wosinjira, tsiku litafika malaya osasoka. Pano ndimati ndidzabwera mtondo, Lachisanu. Wamva tsiku, walitolanso liwu, palibe wachita manyazi. Tiyeni tikadye nkhomaliro, 12 yakwana. Tinyamuke m'mbandakucha atambala asanatsike. Mwaona? Chiganizo chikumasulira chokha.

Chimene musachite ndi kunena liwu kenako n'kuima kufunsa kuti mukudziwa tanthauzo lake? Mwasanduka aphunzitsi pamalo pamene palibe anakulembani ntchito. Ndipo pa zinthu zofunika kumvana msanga, kwa dokotala, pa mtengo wa katundu, pouza wa kabaza njira, siyani zokometsera, nenani chinthu mmene chilili.

Yambirani kunyumba. Ana, akazi anu kapena amuna anu, anzanu a pa bawo. Kenako pa meseji ndi pa sitetasi, pamene munthu ali ndi mpata wowerenga kawiri. Pa maikolofoni ndi pamaso pa akuluakulu pakhale pomalizira.

6. Mchere ndi wa pang'ono

Liwu limodzi lakuya pa nkhani imodzi lakwana. Ndimamva anyamata ena pa ukwati akulumikiza miyambi itatu mopanda kupuma, mutu umodzi susenza denga, walira mvula walira matope, safunsa anadya phula, mpaka anthu osadziwanso kuti akufuna kunena chani, kaya akulangiza kaya akudzudzula. Mwambi umabwera nkhani itapsa kale, umangotseka pamwamba ngati chivundikiro. Komanso uli ndi kolowera, mwana sauponya kwa wamkulu. Mukafunitsitsa kuunena pamaso pa akulu muyambe ndi paja akuluakulu munanena kuti, mwawabwezera mwambi wawo, simukuwaphunzitsa.

Kwa oyamba kumene ine ndimati gwirani mvekero, ndi yotchipa ndipo sipweteka munthu. M'malo moti kunalibe anthu nenani kuti kunali zii. Maso ali psuu, miyendo ili mbuu ndi fumbi la ku Chiponde, usipa uli mbwee pa msika, tikudya iye anangoti balamanthu, atamva mtengo anangoti kakasi. Palibe amakunenani kuti mukudzionetsa chifukwa cha mvekero, amangoti munthuyu amatha kufotokoza nkhani. Zining'a zibwere pambuyo pake, kugwira njakata pamene wasowa chochita, kudya mfulumira, kutsina khutu kuja.

7. Akakusekani kapena akakukonzani

Adzakusekani, zimenezo musakayike. Anzanu a Chibrazi, chilankhulo chija cha achinyamata a m'tauni, adzati madala mwayamba liti zachikale, inu sekani nawo, mawa mulinenenso, pakatha milungu iwiri mudzamva mmodzi wa iwo akuti tiyeni tikadye nkhomaliro ngati nthabwala, kenako nthabwala ija imatha liwu n'kutsala. Ndaziona ndi anyamata anga onyamula masipika.

Koma wamkulu akakukonzani musatsutse ndi buku. Osati koma mu dikishonale analemba chakuti, ayi. Funsani kuti kuno mumati chani, lembani, mwapeza mawu awiri pa mtengo wa limodzi. Chichewa cha ku Nkhotakota, cha ku Mulanje ndi cha kuno sizinafananepo, ndipo amene akukukonzaniyo nthawi zambiri akukuuzani za kwawo, zimene ndi zimene mumafuna poyamba paja. Ngati mwamulakwira munthu ngati mmene ndinachitira ndi mbeta zija, pepesani pomwepo mosazungulira, osayamba kufotokoza kuti mumatanthauza zabwino.

Liwu likakana katatu, anthu osamva kapena kumva zina, libwezereni mufoni lidikire malo ake. Ena amadikira nyengo. Ine pano ndasunga chizimalupsa, mvula yoyamba ija imene imagwa kukutentha cha mu October n'kuzimitsa malupsa, malo amene tchire linapsa. Sungalinene mu June mwera ukuwomba, ungaoneke wozungulira mutu. Nde ndikudikira tsiku limene kudzachite mdima kumapiri a Namwera uko, fungo la dothi n'kuyamba, ndidzamuuze wa kabaza wanga kuti palasani msanga achimwene, chizimalupsa chatipeza, ndione ngati adzafunse kapena adzangopalasa.